Mabuku a Ufulu ndi Kapu ya Zuze

Zikomo a tcheya pondipatsa mpata. Abale ndi alongo, kwa amene simundidziwa, ndine Lufeyo Kamtedza, uja wa tiyirumu ya kuseri kwa msika kuno pa boma. Amene mumandidziwa ndi dzina lina lija, lisungeni kaye m'thumba, ndilitchula ndekha ikakwana nthawi. Ndaona ena kumbuyoko mwayamba kale kuseka. Sekani, sindikwiya. Tonse muno watisonkhanitsa ndi botolo, palibe amene wabwera kudzagula mbuzi.

Anzanga mwafotokoza kuti mowa munauyamba chifukwa cha anzanu oipa, ena chifukwa cha maliro, ena ntchito itatha. Ine mowa ndinaulowera kudzera m'mabuku. Inde, mabuku, abwinonso. Ndipo ndineneretu kuti mabukuwo analibe mlandu.

Zinayamba chonchi. Mayi a kunyumba, a Nambewe, amakazinga mandasi, ndipo mandasi amafuna pepala. Tsiku lina ndinagula katoni ya mabuku akale kwa munthu wa kaunjika amene ankapakira kubwerera ku Blantyre, oti tizing'amba n'kumakulungira. Anali a Chingerezi, ena opanda chikuto, ena odyedwa ndi chiswe m'mbali. Buku loyamba tinaling'amba lonse, lachiwiri mpaka pakati. Ndiye m'mawa wina kasitomala akuchedwa kusankha sikono, maso anga anagwera pa tsamba limene ndinagwira. Ine sukulu ndinalekezera Fomu 2, koma Chingerezi ndinkachikonda, dikishonale yanga ndikadali nayo mpaka lero. Tsambalo linkakamba za anthu akuda kutsidya la nyanja amene ankaletsedwa kukhala kutsogolo m'basi. Ndinawerenga kumaso, ndinawerenga kuseri. Kasitomala uja anadzitengera yekha sikono n'kumapita.

Kuyambira tsiku limenelo ndinaletsa kung'amba. Katoni yonse inali nkhani imodzi, ya tsankho: azungu sukulu yawo, akuda yawo, azungu khomo lakumaso, akuda khomo lakuseri, kwina munthu wakuda kuyenda ndi chiphaso m'dziko la makolo ake. Komanso munali za anthu amene anakana zimenezo, anamangidwa, anamenyedwa, ena anaphedwa. Abale, mtima wanga unatentha. Pamenepa sindikuseka ayi, ndinalira ndithu kuseri kwa kauntala.

Vuto linali loti ndinkawerenga ngati mbuzi m'munda wa eni, kubudula nsonga zokha. Ndinkafunafuna pamene munthu waima n'kulankhula mawu amoto. Masamba ofotokoza misonkhano yaitali ndi kukonzekera ndinkawadumpha. Kenako ndinayamba kulalikira m'tiyirumu. Munthu wabwera kudzamwa tiyi kuti athamangire ku ofesi, ine ndamugwira dzanja, ndikumufotokozera za mabasi a kutsidya la nyanja, ketulo ikuzizira. Makasitomala anayamba kudutsa njira ina.

Malo amodzi okha ndi amene anthu ankandimvetsera mpaka kumapeto: pa kachasu. Kumeneko palibe wothamangira ku ofesi. Poyamba ndinkapita kukangolankhula. Wina anati, "Akulu, kukhosi kwauma uko, nyowetsani." Ndinanyowetsa. Ndinapeza kuti ndikamwa kapu imodzi, Chingerezi chikutuluka chosapunthwa. Ndikamwa ziwiri, ndikukwera pa benchi. Ndikamaliza velemoti, ndinkakhala ngati ineyo ndi amene ndinamasula anthu aja. Dzina lija linabadwira kumeneko: Loya. "A Loya, tatiuzeninso ya basi ija!" Ine ndinkayesa akuphunzira. Iwo ankaonera kanema waulere.

Posakhalitsa ndinaona kuti kulankhula kokha sikukwanira. M'mawa wina, nditalawa kale, ndinafika pa siteji n'kupeza kondakitala waika chikwama pa mpando wakutsogolo wa minibasi, kusungira munthu. Ndinati lero ndi lero. Ndinachotsa chikwama, ndinakhala, ndinapinda manja.

"Madala, mukupita kuti?" anafunsa kondakitala.

"Sindikupita kulikonse," ndinatero. "Ndikumenyera ufulu. Mpando uno si wa mabwana okha."

"Bwana wake uti? Tikusungira agogo awo."

Nditacheuka ndinaona agogo othyoka mwendo, atawanyamula anthu awiri, akupita nawo ku chipatala cha ku Blantyre. Munthu wanzeru akanatsika. Koma ine ndinali nditalankhula kale mokweza, anthu atandizungulira, ndipo m'mabuku mwanga palibe amene anatsika. Ndinakakamira. Agogo aja anawagoneka kumbuyo, minibasi inanyamuka ndi ine, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anandiyankhula. Atafika patali ndithu, kondakitala anatambasula dzanja, ine m'thumba mbee. Ananditsitsa pamalo opanda ngakhale mthunzi. Ndinabwerera wapansi tsiku lonse, fumbi mpaka m'makutu. Koma pa kachasu ndinakafotokoza kuti ndinali pa ulendo wa ndawala.

Ya ku maliro ambiri mwa inu munaiona ndi maso. Mukudziwa kuti pa maliro olemekezeka amawalowetsa m'nyumba kukadya mpunga ndi nkhuku, ife ena nyemba panja. Ine ndinalowa m'nyumbamo m'dzina la adzukulu okumba manda, ndinakhala pakati pa abusa ndi a khansala, ndinadya ntchafu ziwiri. Adzukulu aja sindinawatulutsire ngakhale fupa. Anadzandithokoza okha mawa lake, ndi mawu amene sindingabwereze pamaso pa azimayi.

Tsopano ndifike pa chimene ndaimirira pano. Mwana wathu ndi mmodzi yekha, Esinta. Ena Mulungu anatenga ali akhanda. Mwana ameneyu ndinkamunyamula pa njinga kupita naye kusukulu, ndipo mabuku aja ndinkamuwerengera iyeyo asanandidziwe a pa kachasu. Esinta anabwera ndi mnyamata woti amukwatire, dzina lake Zuze, kalipentala wa ku Luwani. Makolo ake anachokera ku Mozambique kuthawa nkhondo, iye anabadwira ku kampu komweko, ndipo anzawo atabwerera kwawo, iwo anatsala. Malume ake a Esinta anavomera. Amayi ake anavomera. Ine mawu anga pa nkhani ya ukwati ndi ongoperekeza, aliyense akudziwa. Koma ndinati ayi, mwana wanga sangakwatiwe ndi wothawa nkhondo, munthu wopanda mudzi, wopanda manda a makolo oti n'kuloza.

Zuze anabwera kudzandiona Loweruka lina masana, atavala malaya oyera. Pakhonde panali mipando itatu yopanda munthu. Ine ndinamulozera pansi, pafupi ndi khola la nkhuku. Anakhala pomwepo. Dzuwa linali loswa mtengo, ndiye anapempha madzi. Esinta akutuluka ndi tambula ya galasi, ine ndinamubweza. Ndinatenga kapu yapulasitiki yong'aluka imene timasungunuliramo mankhwala a nkhuku, ndinaitsukuluza, ndinamuthirira mmenemo. Anamwa, anathokoza, anatsanzika.

Abale, mvetserani apa, chifukwa ife oledzera timakonda kukankhira chilichonse ku mowa. Tsiku limenelo sindinamwe. Ndinali bwinobwino ngati mmene ndaimira pano.

Esinta sanalire. Anatola kapu ija, anaiyang'ana, ndiye anati, "A Kamtedza, mabuku aja mumawerenga ndi maso kapena ndi pakamwa?"

A Kamtedza. Mwana amene kuyambira ali wakhanda ankanditchula kuti ababa. Kuchokera tsiku limenelo mawu akuti ababa anatha m'kamwa mwake. Ukwati unachitika, ine kunalibe, ndinali pa benchi ndikulalikira za ufulu wofanana. Anasamukira ku Luwani. Akaimba foni kwa amayi ake, ine ndikuyandikira kuti mwina andifunsa, ndinkangomva, "A Kamtedza ali pompo? Ndiye ndiimbanso nthawi ina." Chinandiwawa koopsa, koma m'malo mokapepesa ndinawonjezera mlingo. Tiyirumu a Nambewe anailanda, ndipo anachita bwino. Ine ndinkangolowamo kukaba shuga wokasinthitsa ndi kachasu. Nsapato ndinagulitsa. Mabuku okha sindinagulitse, mwina chifukwa palibe amene ankawafuna.

Kenako ndinaganiza kuti chimene chikundisowa ndi ndende. Anthu onse akuluakulu a m'mabuku aja anamangidwapo, ena analembera makalata otchuka ali m'kati. Ndinati Esinta akamva kuti bambo ake ali m'chitokosi chifukwa cha ufulu, abwera akuthamanga. Ndinadula katoni ija, ndinalembapo mawu ndi khala, ndinaika kope ndi pensulo m'thumba zolembera makalata, ndinakaima kumaso kwa polisi ndikuimba. Apolisi ankangondidutsa, ena kundipatsa moni. Ndinalowa pa kauntala. Ndinati, "Ndimangeni."

"Mwalakwa chiyani, a Loya?" anafunsa wapolisi wa pa kauntalapo.

"Ndikutsutsa tsankho."

"Nafenso timatsutsa. Pitani kunyumba."

Potuluka ndinapunthwa n'kugwera m'maluwa awo, ndinathyola onse. Ndinati tsopano andimanga. Wapolisi uja anangotuluka ndi chitchetcho, nati, "Malo m'kati mulibe oika anthu odzipereka. Tchetchani udzu uwu mpaka pa msewu, mowa ukatha muzipita."

Ndiye ndinali pamenepo, dzuwa lili paliwombo, wopanda nsapato, ndikutchetcha udzu, kope la makalata likunyowa ndi thukuta m'thumba. Ndinamva mawu kumbuyo kwanga: "Muli bwanji, asewere?"

Nditatembenuka ndinaona mayi wachikulire, wamfupi, atanyamula kathumba ka mankhwala, akuoneka kuti akuchokera ku chipatala. Ndinali ndisanawaonepo. Anati ndi a Juwana, mayi ake a Zuze. Ndinafuna nthaka ing'ambike. Koma iwo anakhala pansi pa udzu umene ndinatchetcha, anamasula mfundo ya chitenje, anatulutsa pepala lopindapinda, lamadontho a mafuta.

"Ine sindinapite kusukulu," anatero ndi Chichewa chawo chopendekera kwawo. "Pepala ili anandikulungira mandasi akazi anu, nthawi ya ukwati. Ndinalisunga chifukwa lili ndi chithunzi. Ndinafunsa Esinta kuti chikutanthauza chiyani, iye anati ndikafunse eni ake mabuku. Ndamva kuti inu ndiye katswiri."

Mukudziwa, abale, ngakhale munthu ali pa chilango, ukamutchula katswiri khosi limatalika. Ndinaika chitchetcho pansi. Linali tsamba la buku lachiwiri lija, limene a Nambewe anapitiriza kung'amba ine ndili ku mowa. Pa chithunzipo panali mipopi iwiri pa khoma limodzi, wina wokongola, wina wadzimbiri. Pamwamba pa uliwonse panali chikwangwani. Munthu wakuda anali atawerama, akumwa pa wadzimbiri uja.

Ndinayamba kufotokoza ngati ndili pa benchi. Ndinati uwu ndi wa azungu, uwu ndi wa anthu akuda, madzi ake ndi amodzi, paipi yake ndi imodzi, koma anawasiyanitsa kuti munthu wakuda azidziwa malo ake tsiku lililonse. Ndinati imeneyi ndi nkhanza yoposa chikwapu, chifukwa chikwapu chimapola. Ndinalankhula bwino kwambiri tsiku limenelo, mpaka wapolisi uja anasuzumira pa windo.

A Juwana ankangogwedeza mutu. Nditamaliza anafunsa, "Ndiye inu pa chithunzipa muli pati?"

Ndinaloza munthu wowerama uja. "Ndine uyu. Tonse akuda ndife uyu."

"Iyayi," anatero. "Uyu ndamuzindikira kale, ndi mwana wanga. Ine ndikufunsa amene anakhoma chikwangwanichi. Pa chithunzipa sakuoneka. Kodi ameneyo anali munthu wotani? Anali ndi nyanga? Kapena anali munthu wabwinobwino, wopita ku tchalitchi, wokonda mwana wake?"

M'mabuku onse aja ndinkadziika kumbali ya omenyedwa. Sindinaganizepo ndi tsiku limodzi lomwe kuti chikwangwani chimafuna munthu wogwira hamala, ndipo munthuyo akamaliza amapita kwawo kukadya ndi ana ake, mtima uli mbee.

Mayi aja anapinda pepala lawo, analibwezera pa mfundo. Podzuka anati, "Mukanangonena, asewere. Mwana wanga ndi kalipentala, akanakupalirani chikwangwani chosalala bwino, chopaka vanishi. Simukanavutika ndi kapu ya nkhuku." Anayenda pang'ono, kenako anacheuka. "Esinta ndi woyembekezera. Sanandituma kuti ndikuuzeni. Ndangoona kuti mwanayo akadzafunsa za agogo ake aamuna, tisadzasowe choloza."

Akuluakulu anati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Kameneka kanandimeta popanda madzi. Ndinakhala pa udzu paja ndikulira ngati mwana, mamina mbwee, mpaka wapolisi anabwera n'kunena kuti, "Basi, a Loya, maluwa okhawo asakulizeni, tidzala ena."

Sindikunamizani kuti mowa unathera pomwepo. Ndinamwanso kawiri sabata yomweyo, chifukwa manyazi nawonso amamva ludzu. Koma kachasu anali atasiya kugwira ntchito yake. Ndikakwera pa benchi, ndinkaona kapu ija. Ulendo wachiwiri ndinatsika pakati pa chiganizo, anthu akukuwa kuti "Malizani, a Loya!" ndipo sindinabwererenso.

Masiku oyamba manja ankanjenjemera moti tiyi ndinkathira theka m'kapu, theka pa tebulo. A Nambewe anandilola kubwerera m'tiyirumu, koma pa udindo wotsuka makapu basi, ndipo anandipatsa lamulo loti kasitomala ndizimuuza mawu atatu okha: "Takulandirani, shuga angati?" Njira ya kumsika ndinasintha, ndimazungulira kuchipatala ngakhale ndi kutali, chifukwa njira yachidule imadutsa pamene mukupadziwa paja. Amene mwangosiya kumene, mverani ine: musamayese mphamvu zanu pa fungo. Mphuno ilibe chikhristu.

Mabuku aja ndinawayambiranso, tsamba ndi tsamba, osadumpha. Ndinapeza zimene ndinkazithawa. Anthu aja asanakhale pa mpando woletsedwa, ankakonzekera miyezi. Ankasamba, ankavala zoyera, ankaphunzitsana kupirira munthu akakulavulira. Azimayi ankaphikira oyenda pansi. Woledzera sankamulola ndi pa mzere pomwe. Ine akanandibweza pa geti.

Kenako ndinapita kwa malume ake a Esinta, alamu anga, kukawapempha kuti andiperekeze ku Luwani. Anandiyang'ana nthawi yaitali, anandinunkhiza, ndiye anati tipite. Ndinagula tambala wamkulu wopepesera. Tinakwera njinga yamoto tonse atatu ndi woyendetsa, tambala ali pakati, ndipo anandiipitsira buluku tisanafike ndi ku Chifunga komwe. Alamu anati chimenecho ndi chiyambi chabwino cha kudzichepetsa.

Titafika, Zuze anatulutsa mpando wopanga yekha, wokongola, n'kundiikira. Ine ndinakhala pansi. Iye anati, "Apongozi sangakhale pansi ine ndili chiimire," nakhala pansi nayenso. Alamu anakhala pansi. A Juwana anakhala pansi. Tonse pa dothi, mpando uli pakati wopanda munthu, ngati tikuulira maliro. Ndinalankhula mwachidule, koyamba m'moyo wanga. Ndinati, "Zuze, ndinakulakwira. Sunali mowa, ndinali ine." Iye analandira tambala ndi manja awiri, nati zatha. Anandipatsa madzi m'kapu imene iye anayamba wamwera.

Koma Esinta sanatuluke. Ndinkamva mapazi ake m'nyumba. Anatuma apongozi ake kuti, "Auzeni a Kamtedza kuti ndamva." Basi. Ndinabwerera kuno mtima uli wolemera kuposa popita.

Apa ndi pamene ambiri timagwera, abale. Timaganiza kuti tikasiya mowa Lolemba, Lachiwiri anthu atiombere m'manja. Amene tinawapweteka ali ndi kalendala yawo, ndipo sitilemba ndife. Alamu anandiuza kuti ndisakakamize, ndizingopita. Ndiye mwezi uliwonse ndinkakwera njinga yanga yakapalasa, kutsetsereka mpaka ku Luwani, nditamanga kathumba ka mbatatesi ndi manachesi kumbuyo. Ndinkakhala ndi Zuze pa shedi yake, ndikumugwirira matabwa iye akupala. Ndinaphunzira kukhala chete. Mwana anabadwa, wamkazi. A Juwana ankanditulutsira kuti ndimunyamule, koma mayi wake ayi. Ndikafika, iye amalowa m'nyumba. Ulendo wachitatu chimodzimodzi, wachinayi, wachisanu. Pobwerera, pa chitunda chokwera kuno ku boma, ndinkakankha njinga ndikudzifunsa ngati sindinachedwe.

Mwezi wathawu ndinapitanso. Tinagwira ntchito ndi Zuze mpaka dzuwa litapendeka, ndipo ndinaona kuti ndiyambepo kuti kusandidere pa chitunda. Ndinatsanzika, ndinamanga thumba lopanda kanthu pa keliyala, ndinatembenuza njinga. Ndili pafupi kukwera, ndinamva mawu a Esinta kuchokera kukhitchini, okalipa ndithu, ngati a amayi ake:

"Zuze! Ukungowayang'ana akupita? Auze ababa adikire, nyemba sizinapse."

Nyemba zake zinali zosapsadi, abale, zinatenga nthawi. Ndinadikira.